Maliro a M'kalasi ya Udzu

Che Uladi Jaffalie anabadwira ku Nkopola, m'banja la asodzi, koma ukonde unawakana. Bambo awo atawatenga kawiri pa bwato n'kuona kuti mwanayo akusanza nyanja ili bata, anati, "Uyu mum'patse pensulo." Motero anakula ndi pensulo, napita ku koleji ya uphunzitsi, nabwerako ndi satifiketi ndi bokosi lachitsulo lobiriwira.

M'bokosimo munali masewero. Sanali mabuku osindikiza ayi, koma mapepala olembedwa pamanja, ena okopedwa ndi kaboni mpaka zilembo kuoneka mwa apo ndi apo. Ena analemba okha, ena anakopera kwa anzawo ku koleji, ena anasinthana ndi aphunzitsi amene ankakumana nawo kochonga mayeso. Onse anali aafupi, oti ana n'kumaliza makolo okhala pansi asanachite dzanzi. Pofika chaka cha 1989 analipo makumi awiri ndi atatu.

Sukulu iliyonse imene anaphunzitsako, sewero la tsiku lotsekera chaka linkakhala m'manja mwawo, ndipo kasankhidwe kake kanali kakekake. Mvula ikaleka, chimanga chikayamba kuweramitsa mitu, ankatulutsa bokosilo pakhonde, n'kuyala mapepala pamphasa, n'kuwatsindira ndi miyala. Ankayamba ndi kuwerenga ana: anyamata angati amene mawu anakhwima kale, atsikana angati amene sangabise nkhope m'manja pamaso pa anthu. Kenako ankaona zimene sewero likufuna. Lofuna mipando yoposa iwiri ankalibweza m'bokosi. Lokhala ndi mwamuna wogwira mkazi dzanja ankalibwezanso, poti atsikana ena a Sitandade 7 ankakhala atatomeredwa kale. Lokhudza boma, ngakhale mokuluwika, linkagona pansi penipeni, pakuti masiku amenewo munthu ankayamba wacheuka asanalankhule. Akatsala awiri kapena atatu, ankatenga limene lingalize anthu. Kwa iwo sewero labwino linali limene amayi amachokapo akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Chaka cha 1988 anawatumiza kumtunda, kupitirira Namwera, pa sukulu ina yoyandikana ndi malire. Kunali kwina. Kunyanja Juni amangozizira m'mawa. Kuno nkhungu inkagona pa zigafa za fodya mpaka dzuwa litakwera, ana n'kumamvera phunziro manja ali m'khwapa. Ndipo anawo anachuluka kuposa mabenchi ndi choko chomwe. Nkhondo ya ku Mozambiki inali itakhuthulira anthu tsidya lino, ndipo tinyumba tawo taudzu tinayambira pamene bwalo la mpira linathera, n'kutsetsereka mpaka kudambo. Makalasi anjerwa atadzaza, makolo anamanga ena awiri a mitengo ndi udzu. Imodzi mwa iwo anapatsa Che Uladi.

M'kalasi imeneyo munali Celestina, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali, wosalankhulalankhula. Anabwera akutha kuwerenga Chipwitikizi chokha, koma m'zaka zitatu anasiya kumbuyo ana obadwira konkuno. Akaimirira kuti awerenge, ngakhale anyamata a benchi yakumbuyo ankaleka kutsinana. Atsikana amsinkhu wake ankachoka mmodzimmodzi, wina ku banja, wina kukasankha fodya ku esiteti. Che Uladi anatsimikiza mumtima kuti uyu yekha afike Sitandade 8, alembe mayeso.

Nkhani ya bambo ake aliyense ankaidziwa. A Avelino anawolotsa mkazi wawo Leticia ndi mwanayo m'dzinja la 1986, n'kubwerera kukatenga amayi awo okalamba amene sankatha kuyenda. Anati abwera mkuja. Anthu owoloka pambuyo pake ankabwera ndi nkhani zosiyanasiyana. Wina anawaona atasenzetsedwa katundu ndi asilikali, wina anawaona pamsika wina kutali, wina anangopukusa mutu. Mai Leticia sanalirepo, sanametepo tsitsi, ndipo munthu akati "malemu" pafupi nawo ankanyamuka. Kwawo, kulira munthu amene sunamve kuti wafa ndiko kumuitanira imfa.

Ndipo m'tinyumba timeneto uthenga wa imfa unalibe kalata. Munthu wochokera kumalire ankauza wachibale woyamba kukumana naye, ameneyo n'kuyamba kulira pomwepo. Anthu ankamvera mawuwo n'kudziwa kuti ndi a yani, n'kusiya zonse kuthamangira kumeneko. Msewu wochokera kumalire unkadutsa kuseri kwa sukulu.

Chaka cha 1989 Che Uladi anasankha sewero lotchedwa Khasu la Malemu. Bambo amwalira, abale awo alanda katundu yense, mwana wamkazi atsala ndi khasu lokha. Ku Monkey Bay linaliza ndi asilikali apamadzi omwe. Pakati pake mwanayo amagwada pambali pa mtembo n'kulira bambo ake, ndipo Che Uladi sanavutike kuganiza woti am'patse gawo limenelo. Mwana uyu chisoni akuchidziwa, anatero mumtima, sadzafunika kum'phunzitsa. A hedimasitala, a Simioni, anawerenga tsamba ndi tsamba, osapezamo boma, nasaina.

Milungu iwiri yoyamba ankayeserera akaweruka, m'kalasi yaudzu ija. Mtembo unali mphasa yokulunga, yofunditsidwa chitenje. Zina zonse Celestina ankazichita bwino, koma akafika polira ankangong'ung'udza ngati akuwerenga samu.

Lachitatu lina chakumapeto kwa Juni, mwera ukuwomba kuchokera kusukulu kuloza kudambo, Che Uladi anatopa nazo.

"Celestina, a kumbuyo adzamva chiyani pamenepo? Lira ngati mmene amalirira kwanu."

Mtsikanayo anawayang'ana.

"Ndilire zenizeni, aphunzitsi?"

"Zenizeni."

Anagwada. Anaika manja kunkhongo. Mawu oyamba anatuluka aang'ono, achiwiri anang'amba udzu wa kalasiyo. Za papepala zija sanazitsate. M'malo moti "bambo anga" anati "Papa," n'kumawafunsa kuti mkuja uja ndi liti, n'kumawafunsa kuti anagona kuti usiku umene mvula inawapeza panjira. Anzake anaima njo! Che Uladi, kunena zoona, anakondwa. Anati chaka chino ndapeza sewero.

Kenako anamva mapazi.

Anali amayi. Ena ufa uli mbuu m'manja, ena ana akulendewera kumsana, ena atayamba kale kulira ali m'njira. Anadzaza pakhomo ndi m'mipata ya udzu. Pambuyo pawo, atagwiriziridwa ndi anzawo awiri, mpango utagwa, panafika mai Leticia.

Woyamba kulankhula anali mai Jestina, oyandikana nawo nyumba, mayi wonenepa wa mawu ngati belu.

"Wabwera nawo ndani uthengawu? Ali kuti munthuyo?"

Che Uladi anaima pakati, mapepala ali m'manja.

"Amayi, pepani. Palibe uthenga. Ndi sewero."

Kulira kunazima pang'onopang'ono, kuyambira pakhomo mpaka kwa amene anali panja. Mai Leticia anadzimasula m'manja mwa anzawo, nalowa, nagwira chitenje chija n'kuchivundukula. Anaiyang'ana mphasayo. Kenako anagwira mwana wawo pamkono n'kumuimiritsa.

"Zaka zitatu ine ndakhala ndikumeza misozi kuti ndisaphe mwamuna wanga," anatero, osakweza mawu. "Inu lero mwatenga mwana wake, mwamuliritsa masanasana. Pa mphasa."

"Amake Celestina, ine sindimati..."

"Pano sadzapondanso."

Anatuluka. Amayi ena aja anatsatira mwakachetechete, kupatula mai Jestina amene anatembenuka pakhomo.

"Nyemba zanga zapserera chifukwa cha mphasa. Sukulu yake ndi imeneyi, aphunzitsi?"

Lachinayi malo a Celestina anali opanda munthu. Lachisanu chimodzimodzi. Lolemba Che Uladi anavala jekete n'kutsikira kutinyumba tija, atakonza bwino zokanena. Anafotokoza kuti sewero ndi chithunzi chabe cha moyo, kuti wofa m'sewero amadzuka n'kupita kwawo, kuti ku Monkey Bay mwana wa ashehe analira chimodzimodzi ndipo bambo ake alipo mpaka lero. Mai Leticia anawamvera mpaka kumapeto akupeta ufa.

"Misozi ija munaiona?"

"Ndinaiona, mayi."

"Inali yasewero?"

Che Uladi anangotsanzika.

Kunyumba anapeza akazi awo, abiti Amida, akuanula zovala zimene nkhungu inakana kuumitsa. Anawafotokozera zonse, nadandaula kuti anthu sakumvetsa.

"Osamvetsa ndani?" anafunsa abiti Amida, chikhomo cha zovala chili pakamwa. "Inu mumawerenga ana, mumawerenga mipando. Oti adzakhale pansi n'kumaonera aja munawawerengapo?"

"Koma ndi sewero, amake Hidaya."

"Chaka chija mwera unatenga bwato la amalume anu a Wadi, amayi anu anayamba liti kulira?"

Che Uladi anakhala pa mpando wa ndalema. Anakumbuka. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Masiku anayi mudzi wonse unakhala pamchenga, maso ali pamadzi, popanda ndi mmodzi yemwe wotulutsa mawu. Mtsikana wina atayamba kusisima, azakhali ake anam'tseka pakamwa ndi dzanja n'kupita naye kuseri kwa mabango. Kulira kunayamba tsiku lachisanu, nkhafi ndi thupi zitapezeka. Mwambo umenewu sanachite kuumvera kwa anthu a tsidya lina. Anakula nawo. Koma atatsegula bokosi lawo anauiwala, chifukwa maso awo anali pa kuwomba m'manja.

Mawa lake, ataweruka, anayalanso mapepala pakhonde n'kuyamba kuwerenga ngati munthu wokhala m'tinyumba tija. M'masewero khumi ndi anayi munali maliro. Mwa otsalawo, ena munali bambo wosowa, ena munali nyumba yopsa. Anasankha atatu amene anawaona ngati abwino, kenako anawabwezanso. Maso amene anasankha Khasu la Malemu anali omwewa, ndipo sanawakhulupirirenso.

Loweruka m'mawa, nkhungu itangoyamba kuyera, anasenza bokosi lonse pamutu n'kudutsa pabwalo la mpira. Anthu anatuluka kudzaona mphunzitsi wa jekete atasenza ngati akupita kuchigayo. Anapeza mai Leticia ali padzuwa ndi mai Jestina ndi amayi ena atatu, atazungulira mulu wa chimanga cha mlimi wina amene anawapatsa ganyu wotonola. Che Uladi anaodira, natula bokosi, nakhala pansi poteropo.

"Lero sindinabwere kudzafotokoza. Ndinalakwa, amake Celestina. Mwambo umenewu ndi wakwathunso, ndipo ndinaudziwa."

Mai Leticia sanadzutse mutu. Chimanga chinkangogwera m'lichero.

"Masewero anga onse ndi awa. Ndiwerenge limodzi limodzi, inu mundiuze loyenera kuonetsedwa pano. Mukawakana onse, chaka chino kulibe sewero. Koma mwanayo abwerere kusukulu."

"Ine sukulu sindinapiteko, aphunzitsi."

"Makutu muli nawo, mayi."

"Asiyeni awerenge, anzanga," anatero mai Jestina. "Wailesi tilibe. Koma aphunzitsi, pakamwa pakatopa manja agwire ntchito. Chimanga ndi ichi."

Anayamba ndi la mnyamata wopita ku Joni amene analeka kulemba makalata. Asanamalize tsamba lachiwiri, mai Leticia anati, "Bwezani." Anatenga la wakuba mbuzi, mmene apolisi amagogoda pachitseko m'bandakucha. Mayi wina wachikulire, amene anali asanalankhulepo, anati, "Logogodalo ayi," ndipo palibe anafunsa chifukwa chake. Anatenga la ukwati, lodzaza mpunga ndi nyama ya mbuzi, n'kuliwerenga mokondwa poganiza kuti apa ndiye palibe chovuta.

"Imani pomwepo," anatero mai Jestina. "Ana athu adzikatafuna mphepo pa mbale zopanda kanthu, ife a ufa wa pakhadi tikuonerera? Mukufuna tidzakomoke?"

Amayi aja anaseka, Che Uladi nawonso anaseka, koma analibweza. La mkazi wamasiye wokwatiwanso analibweza okha atangoona mutu wake. Dzuwa litafika paliwombo pakhosi panauma, ndipo anatonola chimanga mpaka chala chachikulu kutuluka thuza. Mai Jestina anayang'ana zitsononkho zawo n'kunena kuti nkhuku zithokoza, poti theka la chimanga latsalira pomwepo. Nthawi yonseyi kuseri kwa nyumba kunkamveka mtondo, ndipo Che Uladi anazindikira kuti iwo akayamba kuwerenga, musi unkaleka.

Tsiku limenelo anamaliza khumi ndi awiri, onse okanidwa. Lamulungu anabweranso amayi aja atachokera ku tchalitchi. Mulu wa chimanga unali utachepa, koma omvera anali atawonjezekera.

Chakumasana anafika pa sewero limene sanalionetsepo chilembereni. Anakopera kwa mnzawo wina ku koleji chifukwa cha ulemu chabe, ndipo ankaliyesa lachibwana poti silinkaliza munthu. Linali la bambo wina, Atumani, amene anagulitsa fodya n'kugula njinga yatsopano asakutha kupalasa. Pochita manyazi, ankangoikankha kulikonse. Anthu akam'funsa ankati matayala sanazolowere dothi lakuno. Tsiku lina ankati njingayo yatopa, tsiku lina ankati wavala thalauza la Lachisanu. Mkazi wake, iye akagona masana, ankaitenga n'kumakaphunzira kuseri kwa chigafa.

Che Uladi anayamba mwamanyazi, koma atafika pamene Atumani akukankha njinga kuthamangira mzamba, mai Jestina anagwera chagada pa zitsononkho.

"Ameneyo ndi mlamu wanga! Mayo ine, nthiti zanga! Wamulemba ndani mlamu wanga?"

Mai Leticia sanaseke, koma manja awo anali ataleka kutonola. Sewero litatha anafunsa.

"Atumaniyo, palibe pamene wafa?"

"Palibe, mayi."

"Sachoka pakhomo?"

"Amangogwera m'munda wa chinangwa, n'kudzuka."

"Nanga mkazi wakeyo adzakhala ndani?"

Che Uladi anapinda pepala lija.

"Ndimaganiza Celestina, ngati mungalole."

"Iyeyo njinga angaithe?" anafunsa mai Jestina. "Adzatithyolera miyendo pabwalo."

"Ndimatha!" Mawuwo anachokera kuseri kwa nyumba.

Mai Jestina anacheukira komweko. "Iwe, ukusinja kapena ukumvera za akuluakulu? Unaphunzira kuti njinga?"

Celestina anatulukira pangodya, musi uli m'manja, gaga ali m'tsitsi.

"Papa anandiphunzitsa. Pa msewu wa kumsika, kwathu."

Che Uladi anayang'ana pansi, poopa kuti dzina limenelo latsekanso chitseko. Mai Leticia anatola chimanga china n'kuchitembenuza m'manja.

"N'zoona," anatero. "Amam'gwirira kumbuyo n'kumathamanga ngati mwana. Amapalasa bwino bambo akewo, ngakhale pa mchenga." Anatonola mzere umodzi. "Mawa abwera. Koma zoyesererazo muzichitira panja, pansi pa mtengo, poti aliyense aziona ndi maso. Za m'kati mwa udzu zija ayi."

"Panja, mayi."

"Ndipo bokosi lanulo musamalitsegule nokha."

Lolemba Celestina anafika belu lisanalire, nakhala pamalo pake, natsegula kope ngati sanajombepo. Anayeserera pansi pa mtengo wa mbawa, ndi njinga yobwereka kwa a Simioni, amene ankaima chapatali kuyang'anira mabuleki awo. Pofika tsiku lotsekera, theka la tinyumba tija linali litaloweza kale mawu a Atumani, moti mnyamata wochita gawolo akaiwala, amayi ankam'kumbutsa ali pansi. Palibe analira. Celestina anazungulira bwalo kawiri, chitenje atachimanga m'chiuno, fumbi la Julaye likumutsata.

Okutobala atafika ndi kutentha kwake, mango ali tiwisi m'mitengo, analowa Sitandade 8. Chaka chotsatira analemba mayeso n'kukhoza.

Kuyambira pamenepo Che Uladi anasintha kasankhidwe kawo. Chimanga chikaweramitsa mitu ankawerengabe ana ndi mipando, koma akatero ankasenza bokosi n'kupita nalo kumene amayi akutonola. Anachita zimenezi zaka zonse za ku Namwera, ndi ku sukulu ziwiri zimene anaphunzitsako pambuyo pake. Aphunzitsi anzawo ankawaseka kuti ali ndi komiti ya zitsononkho. Masewero ena okanidwa kwina ankaloledwa kwina, ndipo Khasu la Malemu linaonetsedwanso kamodzi, kumudzi wina kumene amayi a kumeneko anati maliro awo onse anawaika ndi manja awo.

Nkhondo itatha, m'chilimwe cha 1993, malole anayamba kubwera kudzatenga anthu. Tinyumba tija tinaphwasulidwa, mitengo yake n'kusanduka nkhuni, ndipo dzinja lotsatira pamalopo panamera chimanga. Tsiku limene mai Leticia ndi Celestina ankakwera, Che Uladi anapita kumsewu kukatsanzikana nawo. Celestina anali atayamba kuthandiza kuphunzitsa ana aang'ono, ndipo anati akafika kwawo akafunsa ngati kuli sukulu yofuna munthu. Mai Leticia anawapatsa moni wa manja awiri.

"Tikawapeza bambo ake tidzakuuzani, aphunzitsi."

Che Uladi anapuma ntchito n'kubwerera ku Nkopola, kumene amakhala pakhonde kuonerera adzukulu a abale awo akusoka maukonde. Uthenga wa mai Leticia uja sunafike. Koma munthu akawafunsa za mtsikana wa njinga uja, n'kufunsanso kuti nanga bambo ake zinawathera bwanji, iwo amayankha kuti a Avelino ali kwawo ku Mozambiki, ndipo sawonjezerapo kanthu.